Mawu anga asasa, nditani?

Funso: Adokotala, ndimaphunzitsa sitandade 2 ku Khombedza, ku Salima. Ana ndi ochuluka, ndimachita kukuwa. Mawu anasasa mwezi watha, kukwaya ndasiya. Ndimu ndi uchi zakanika. Mphunzitsi wodandaula.

Yankho: Pepani aphunzitsi. Mawu amachokera m'kholingo, momwe timinofu tiwiri timanjenjemera mpweya ukamadutsa. Kafukufuku amasonyeza kuti aphunzitsi amavutika mawu kuposa anthu ambiri, chifukwa kukuwa tsiku ndi tsiku kumabweretsa tizotupa patiminofuto. Chilungulira ndi fodya zimawonjezera vutoli.

Koma mwezi wathunthu ukundidetsa nkhawa. Kusasa kopitirira masabata atatu nthawi zina kumakhala chifuwa chachikulu kapena khansa ya kholingo. Chonde pitani kuchipatala cha boma ku Salima akayeze makhololo. Angakutumizeninso ku Kamuzu Central akaunike kholingolo. Pakadali pano imwani madzi pafupipafupi, chepetsani kuyankhula, ndipo musamanong'one, kumatopetsanso timinofuto.