Mababu a WiFi oti muikemo firmware yanu ndipo azitsatira nyimbo: agule ati?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akufuna mababu 6 a WiFi a pabalaza, achotsemo pulogalamu ya kampani yoyendetsa babu, yomwe imatchedwa firmware, n'kuikamo yake kuti asamadalire maseva a kunja, komanso kuti mitundu izisintha motsatira nyimbo. Akuti waona mababu ambiri otchipa olembedwa Tuya (kampani yopanga ubongo wa mababu ambiri otere) kapena Smart Life (pulogalamu yake ya pafoni), ndiye akufunsa kuti atenge dzina liti.

Achimwene, dzina la pakatoni silikuthandizani pa nkhani imeneyi. Chofunika ndi chip chomwe chili m'kati mwa babu, ndipo makampani amasintha chip osasintha katoni, dzina, ngakhale nambala ya mtundu. Mababu awiri ofanana ndendende, ogulidwa motalikirana miyezi 6, akhoza kukhala ndi matumbo osiyana. Choncho gulani limodzi kaye, mulitsegule, muwerenge zilembo za pa kabolodi kakang'ono komwe kali ndi antena, kenako muganize za 5 otsalawo.

Zilembozo zimatanthauza izi. TYWE3S kapena TYWE3L ndi ESP8266 ya kampani ya Espressif, ndipo mwayi ndi wanu, chifukwa ma firmware otseguka monga Tasmota, ESPHome ndi WLED onse amalowa. Koma mababu otere asowa masiku ano. Kumapeto kwa 2018, pa msonkhano wa 35C3 ku Germany, kunaululidwa njira yolowetsera firmware m'zipangizo za Tuya kudzera pa WiFi, osatsegula babu, ndipo kuchokera pamenepo kunabadwa pulogalamu yochita zimenezi yotchedwa tuya-convert. Tuya inatseka mpatawo, kenako inayamba kuika ma chip a makampani ena. Lero mukatsegula babu lotchipa, nthawi zambiri mupeza WB2L kapena WB3S, zomwe ndi Beken BK7231T, kapena CB2L ndi CB3S, zomwe ndi BK7231N. Izi Tasmota ndi WLED sizilowamo. Zimalandira firmware ina yotchedwa OpenBeken, kapena ESPHome kudzera mu LibreTiny, yomwe imaithandiza kuyenda pa ma chip a Beken. Zina zimatheka osatsegula pogwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa tuya-cloudcutter, bola babulo lisanalandire firmware yatsopano. N'chifukwa chake babu latsopano musalilumikize ku Smart Life "kuti mungoyesa". Likangolumikizana ndi seva likhoza kudzisinthira pulogalamu, njira yophweka n'kutsekeka pomwepo.

Pali chip chachiwiri chomwe ambiri amachiiwala, chomwe chimayendetsa ma LED enieniwo. M'mababu ena ma LED amayendetsedwa mwachindunji ndi mapini 5 a PWM (njira yosinthira kuwala poyatsa ndi kuzimitsa LED mofulumira kwambiri): ofiira, obiriwira, abuluu, oyera ozizira ndi oyera ofunda. M'mababu ena muli kachipangizo kapakati monga SM2135, SM16716, MY9231 kapena BP5758D. ESPHome ndi Tasmota zimadziwa kuyankhula ndi zimenezi, pamene WLED imafuna babu la PWM yachindunji. Mukaika WLED m'babu la SM2135, lidzaoneka pa netiweki bwinobwino, tsamba lake lidzatseguka, koma kuwala sikudzakhalapo.

Tsopano za nyimbo, pomwe ndikufuna mumvetse bwino musanatulutse ndalama. Babu lilibe khutu. Zomwe Smart Life imatcha music mode n'zakuti foni yanu imamva phokoso ndi maikolofoni yake n'kumatumiza malamulo ku babu limodzilimodzi, ndipo kuwala kumafika ng'oma itadutsa kale. Nyimbo ya 120 BPM imagunda kawiri pa sekondi. Kuwala kukachedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, diso limazindikira kuti babu likungotsatira m'mbuyo. Vuto lomweli mudzalipeza mukayesa kutumiza mitundu kudzera pa njira zotumizira malamulo za MQTT kapena HTTP kuchokera ku Home Assistant, pulogalamu yoyendetsera zipangizo za m'nyumba. Njira zimenezo zimayenda pa TCP, yomwe imadikira chitsimikizo n'kubwereza uthenga wotayika, ndiye malamulo amaunjikana pamzere. Nyimbo imatha babu likadavina.

Njira yogwira ntchito ndi yakuti chipangizo chimodzi chizimva nyimbo, chiwerengere mtundu wa babu lililonse, n'kumatumiza pa UDP, njira yosadikira chitsimikizo, kokwana ka 30 mpaka 60 pa sekondi. Uthenga umodzi ukatayika palibe chodandaulitsa, wina ukubwera nthawi yomweyo. Zilankhulo zake ndi DDP pa port 4048, E1.31 pa port 5568, ndi ya WLED yeniyeniyo pa port 21324. Funso loti mudzifunse pa babu lililonse ndi lakuti, kodi firmware yomwe ingalowe m'menemu imalandira chimodzi mwa zitatuzi? WLED imalandira zonse. OpenBeken imalandira DDP mukalemba startDriver DDP mu autoexec.bat yake. ESPHome ili ndi e131, koma imayembekezera chingwe cha ma LED ambiri, choncho babu mumayenera kulikulunga mu partition yokhala ndi single_light_id kuti lioneke ngati chingwe cha LED imodzi. Zimatheka, kungoti ndi ntchito yowonjezera.

Chomvera nyimbocho, ine ndimakonda pulogalamu ya LedFx pa kompyuta kapena pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi. Babu lililonse mulilembetse ngati chipangizo cha pixel imodzi, kenako onse 6 muwalumikize kukhala virtual imodzi, motsatira momwe akhalira m'chipindamo, kuti mtundu uziyenda kuchokera pakhomo kukafika kuwindo m'malo moti onse aziphethira pamodzi. Phokoso litengeni m'kati mwa kompyuta momwemo, kudzera pa Stereo Mix pa Windows kapena monitor pa Linux. Maikolofoni imatola ndi kukambirana kwa alendo komwe. Ngati nyimbo zimachokera pa wailesi kapena sipika ina, tengani bolodi ya ESP32, maikolofoni ya INMP441, ndi WLED yokhala ndi AudioReactive, muziike pafupi ndi sipika.

Ndiye agule ati? Ngati simunagwirepo chowotcherera mawaya, gulani mababu omwe amabwera ali kale ndi firmware yotseguka. Athom imagulitsa mababu okhala ndi WLED, Tasmota kapena ESPHome, ndipo pa nyimbo sankhani a WLED. Pakakhala mwayi wosankha pakati pa ESP8266 ndi banja la ESP32, tengani ESP32. ESP8266 imapanga PWM ndi pulogalamu, ndiye WiFi ikatanganidwa kuwala kumanjenjemera, makamaka babu likakhala lochepetsedwa kwambiri. ESP32 ili ndi gawo lake lapadera la PWM lomwe WiFi siilisokoneza.

Poitanitsa kunja, werengani zinthu ziwiri kawiri. Magetsi athu ndi a 230V, pamene mababu ambiri opangira msika wa America ndi a 120V okha, okhala ndi tsinde la E26. Lotere likalowa m'holda yathu limapsa nthawi yomweyo. Chachiwiri, nyumba zambiri kuno zili ndi maholda a mapini, a B22, pamene mababu ambiri a WiFi ndi opotokola, a E27. Sinthani holda kapena gulani kolumikizira, ndipo muyeze ngati babu likwanabe m'chotchingira chake.

Mwina mukudabwa kuti bwanji sindikutchula Philips Hue. Pa nyimbo Hue imachita bwino kwambiri, chifukwa bridge yake, kabokosi kolamulira mababuwo, ili ndi njira yapadera yotchedwa Entertainment, yomwe pa bridge wamba imatenga mababu osapitirira 10 pa gulu limodzi. Koma firmware yanu simuikamo, ndipo mtengo wake ndi wina. Mababu ena a Zigbee (njira ina yolumikizirana popanda waya, osati WiFi) oyendetsedwa ndi pulogalamu ya Zigbee2MQTT ndi abwino poyatsa ndi kuzimitsa, koma mukawatumizira mitundu kambirimbiri pa sekondi netiweki yonse imatsamwa.

Ngati mwasankha kutsegula babu nokha, apa mpofunika kusamala kwenikweni. Magetsi a m'kati mwa babu sanalekanitsidwe ndi a pakhoma. Waya yomwe pabolodi yalembedwa GND ikhoza kukhala ndi mphamvu yopha munthu babu likakhala m'holda. Musalumikize babu ku magetsi a pakhoma pamene mawaya a USB ali olumikizidwa, ngakhale kwa kamphindi. Mudzaotcha kompyuta, ndipo inuyo mukhoza kugwidwa. Chotsani chivundikiro choyera chija podula guluu mozungulira, tulutsani mbale ya aluminiyamu yokhala ndi ma LED, ndipo muwotcherere mawaya 4: 3.3V, GND, TX ya babu ku RX ya adaputa ya USB yolumikizira babu ku kompyuta, RX ku TX. Pa ESP, GPIO0 ikhale pa GND pomwe mukupatsa mphamvu. Pa Beken, mumakhudzitsa CEN ku GND kamphindi pulogalamu yolembera ikayamba kusaka chip. Kulemba kukamaduka pakati, kawirikawiri vuto ndi mphamvu. Pini ya 3.3V ya maadaputa ambiri otchipa siikwanitsa mA 300 zomwe chip chimakoka mwadzidzidzi, ndiye ikani AMS1117-3.3 yotenga mphamvu ku 5V ya USB. Musanalembe chilichonse, koperani kaye firmware yakale ndi esptool kapena ltchiptool. M'menemo ndi momwe muli mndandanda wa mapini a babulo.

Zikayamba kugwira ntchito, zimitsani kugona kwa WiFi. Mu WLED ndi Disable WiFi sleep, mu ESPHome ndi power_save_mode: none. Mukapanda kutero babu limagona pakati pa mauthenga ndipo mitundu imadumphadumpha. Mababu onsewa amagwira pa 2.4 GHz yokha, ndipo MiFi zambiri zimalola zipangizo pafupifupi 10, ndiye mababu 6 ndi mafoni a m'nyumba zidzadzaza msanga. Pezani rauta yakeyake, n'kupatsa babu lililonse IP yosasintha kuti LedFx isalitaye magetsi akabwera. Babu lina likakhala pa Tasmota, lembani SetOption65 1, apo ayi magetsi akathimathima motsatizana limaganiza kuti mukulilamula kufufuta zonse, n'kuiwala WiFi yanu.

Musakhumudwe mukaona kuti mitundu ndi yofooka. Ma lumen 800 olembedwa pakatoni ndi a ma LED oyera, pamene ofiira, obiriwira ndi abuluu amawala pang'ono kwambiri. Mu WLED yatsani zoti izidziwerengera kuwala koyera kuchokera ku RGB, zimathandizako. Ngati m'nyumbamo muli munthu wodwala khunyu, pewani strobe ndi chilichonse chophethira kupitirira katatu pa sekondi. Ndipo ngati chomwe mukulakalaka ndi kuwala kothamanga pakhoma motsatira ng'oma, onjezani mamita 5 a chingwe cha WS2812B pa ESP32 yomwe ija. Chingwe chimenecho chili ndi ma pixel 150 kapena 300, pamene mababu anu onse pamodzi ndi ma pixel 6.