Yankho kwa Azakhali pa za kujambula msana wa mwana

Azakhali, mwaswera bwanji ku Tsangano? Uthenga wanu ndaumva, ndiye ndati ndiyankhire pagulu pompano kuti ena amve nawo. Mukufunsa ngati X-ray imene adokotala amulembera mdzukulu wanu singamuwononge m'thupi, poti ndi mtsikana wa zaka 13, mwina n'kudzalephera kubereka. Ayi Azakhali, mtima pansi. Mupite naye.

Nkhani yagona pa mapiritsi a prednisolone aja amene akumwa chifukwa cha impso. Amathandiza ndithu, koma munthu akawamwa miyezi yambiri amafooketsa mafupa, makamaka a msana. Ndiye mwanena kuti akudandaula msana, ndowa ya madzi sakuthanso kusenza. Apa adokotala akufuna aone ngati kafupa kena ka msanako kaphwanyika n'kuphwatalala. Zimenezi ndi maso simungazione, ndipo ana ena zimawachitikira osamva kupweteka n'komwe. N'chifukwa chake ine sindikufuna muzengereze.

Kujambulako sikupweteka. Amugoneka chammbali patebulo, kumuuza kuti asagwedezeke, agwire mpweya pang'ono, basi zatha. Mphamvu ya makinawo ndi yochepa, ndipo siitsalira m'thupi ayi. Mwina amufunsa za kumwezi, amafunsa atsikana ndi amayi onse, ndiye mumuuziretu asachite manyazi.

Mukamva akutchula DXA, amenewo ndi makina ena oyeza kulimba kwa mafupa, kwathu kuno ndi osowa. Mphamvu yake ndi yochepa kuposanso X-ray ya pachifuwa. Kwa ana amayerekeza ndi anzawo a msinkhu umodzi, atsikana kwa atsikana, osati ndi akuluakulu. Nambala yake amati Z-score, ikafika -2 kapena kutsika apo ndiye kuti mafupa ndi ofookerapo. Komabe nambala yokhayo siigamula, amaonanso ngati mwanayo anathyokapo.

Chonde chonde, musamusiyitse mapiritsiwo nokha chifukwa cha zimene ndanenazi. Prednisolone sasiya mwadzidzidzi, n'zoopsa, adokotala ndiwo amachepetsa pang'onopang'ono.

Msinkhu wakewu ndi umene mafupa amakhwima kwambiri. Usipa ndi matemba azidya ndi minga yomwe, mkaka ukapezeka azimwa, ndipo ngakhale kwanuko kumazizira, aziwothera dzuwa, asamangobindikira m'nyumba. Ndowayo ayambe waisiya kaye.

Popita ku Ntcheu musaiwale buku lake lachipatala ndi mapepala a mankhwala onse.