Handpan yanu ikutuluka yozizira papepala? Tiyeni tikambirane

Mayi wina wandilembera imelo, akuti akafuna kukhazika mtima pansi amamvera handpan, chida choimbira chachitsulo choimbidwa ndi manja, ndiye akufuna kuijambula ndi penti wamadzi apachike kuchipinda, koma akajambula kumangotuluka chinthu chozungulira chotuwa basi, bata lija mulibe. Akufunsa kuti akulakwitsa pati.

Mayi, ndikuganiza kuti mukuthamangira penti musanachione bwino chidacho. Handpan ndi zigoba ziwiri zachitsulo zomatidwa pamodzi ngati mbale ziwiri zovundikirana. Yoyamba anaipanga Felix Rohner ndi Sabina Schärer a kampani ya PANArt ku Bern, Switzerland, mu 2000, nkuitcha Hang, nzeru zake anazitenga ku steelpan, ng'oma yachitsulo ya ku Trinidad, komanso ghatam, mtsuko wadothi woimbira wa ku India. M'mimba mwake inali ya masentimita pafupifupi 52, msinkhu 24, ndiye mukaijambula yotupa kwambiri yasokonekera kale.

Pamwamba pakatikati pali kotumphuka kaja amati Ding, ndiye liwu lalikulu lakuya, ndipo mozungulira pamakhala malo oimbira 7 kapena 8. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa, amawajambula ofanana onse pomwe safanana, mawu akuya malo ake ndi aakulu ndipo amakhala kufupi ndi woimba, okwera amanka nachepa chakutaliko, komanso onse ndi obulungira motalikirako ali ndi kadzenje pakati. Bowo lapansi lija amati Gu silioneka chikakhala pamiyendo, musalikakamize.

Yambani ndi pensulo mopepuka. Mukachiyang'ana chammbali mkombero wake umaphwatalala, ndipo malo oimbira a kutali amaphwatalala kuposa apafupi chifukwa apendekera uko.

Tsono nkhani ya chitsulo, yomwe ine ndimaikonda kwambiri. Chitsulo chilibe mtundu umodzi mayi, chimabwereka kwa zomwe zachizungulira. Ma handpan ambiri amawotchedwa mu mpweya wa nayitirojeni kuti alimbe komanso asachite dzimbiri msanga, nchifukwa chake amakhala odera, ena kupita kobiriwira ngati mtambo ena kofiirira. Ndiye penti wakuda musiyeni kaye, sakanizani penti wabuluu wa ultramarine ndi wofiirira wa burnt sienna, mupeza kutuwa kwamoyo komwe mutha kukokera kozizira kapena kofunda malinga ndi yemwe mwachulutsa. Sankhani mbali imodzi yomwe kuwala kukuchokera ndipo musasinthe mpaka kumaliza. Kadzenje kalikonse kamada mbali yomwe kuwala kukuchokera nkuwala mbali inayo, pomwe Ding ndi mosemphana poti watumphuka, kungokonza zimenezi chithunzi chimadzuka. Powala kwambiri siyani pepala loyera osapakapo, ndipo dikirani penti woyamba aume musanaonjezere wina, mukapupuluma zimasanduka matope.

Za bata lija, ine sindigwirizana ndi zodzaza maluwa, nyenyezi ndi utsi mozungulira kuti anthu adziwe kuti nchida chosinkhasinkhira, phokoso limangochuluka papepala. Mitundu itatu yakwana, kumbuyo kusiyeni kopanda kanthu, kenako ikani manja. Chidachi sachimenya ndi timitengo, amachikhudza ndi nsonga za zala ndi chala chachikulu nkuchotsa msanga kuti chilire, ndiye jambulani dzanja limodzi litangodzuka pang'ono pachitsulo, zala zomasuka, kamthunzi kake kakuoneka pansi. Manja akakuvutani, dzijambuleni anu pafoni ndipo muziyang'ana pamenepo pojambula.

Mukamaliza munditumizire ndione, makamaka timaenje tija.