Mwana sajomba ku tireningi popanda chifukwa

Akochi a ku Area 25, mwafunsa kuti mutani poti anyamata anu a timu ya mpira ya Under-17 ayamba kujomba ku tireningi, ndipo ena mukawaika pa benchi amanyanyala.

Yambani mwafufuza vuto la mwana aliyense payekha. Wina amayenda wapansi kuchokera ku Mgona kapena ku Senti, wina waweruka kusukulu m'mimba mulibe kanthu. Mwana wanjala mukamunena kuti ndi waulesi, mawa simumuonanso. Tireningi iziyamba cha m'ma 4 koloko, makamaka mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo, isapitirire mphindi 90, ndipo chigubu cha madzi chizikhala pambali pa bwalo.

Koma pomwe makochi ambiri amagwa m'pa benchi. Mayina a oyamba kusewera muziwatchula dzulo lake, osati pabwalo mwana atamanga kale zingwe za nsapato, azibale ake ali chiimire kudikira kumuonera. Amene mwamusiya mutengereni pambali, mumuuze chinthu chimodzi chokha choti akonze, monga: "Ukalandira mpira umachedwa kupatsira, uziyamba wayang'ana anzako mpira usanakupeze." Mukamuuza zinthu khumi sagwirapo n'chimodzi chomwe. Ngati mwamulonjeza mphindi 20 m'chigawo chachiwiri, mpatseni ngakhale timu ikugonja, chifukwa mukamunamiza kamodzi, anzake onse amva lisanalowe dzuwa. Nayenso katswiri wogoletsa zigoli akajomba azikhala pa benchi ngati wina aliyense; kukondera ana amakuona msanga kuposa mmene timaganizira.

Pa mphindi 15 zopumulira, musayambe ndi kukalipa. Asiyeni amwe madzi kwa mphindi zitatu, kenako nenani mfundo ziwiri. Kumuchititsa manyazi mwana pamaso pa masapota kumamuchititsa mantha, amayamba kubisala kuti asapatsidwe mpira.

Za ndalama nazo zimapasula matimu. Musanalowe bonanza, gwirizanani kagawidwe ka mphoto, ndipo muziwerenga ndalamazo kaputeni akuona.

Makolo muziwadziwa. Mayeso a JCE ndi MSCE akayandikira, ana apatseni mpata wowerenga osawachotsa mu timu. Mwana akagundidwa m'mutu n'kuchita chizungulire, mutulutseni ndipo asabwererenso m'bwalo tsikulo, ngakhale achonderere. Maphunziro a ukochi a CAF D omwe bungwe loyendetsa mpira la FAM limachititsa angakuthandizeninso kukonza ndondomeko ya tireningi yoyenera msinkhu umenewu.