Funsani za Thupi Lanu: Mimbayi ndi ubwana kapena ndi matenda?

FUNSO: Moni adokotala. Ndine bambo wa zaka 41, dalaivala pa kampani ina mu Lilongwe muno. Chiyambireni ntchitoyi mimba yangotuluka moti mathalauza onse ndasintha koma chodabwitsa mikono ndi miyendo ili chimodzimodzi ngati kale. Kutalika ndine mamita 1.70, sikelo ikuti makilo 76, tepi pamchombo ikuti masentimita 101. Ndinagula tiyi wochepetsa thupi uja amagulitsa pa WhatsApp, lamba wotulutsa thukuta ndili naye, ma sit-up ndikupanga mmawa uliwonse koma olo pang'ono sikuphwa. Kumudzi akuti ndanenepa bwino madamu akundisamala. Ndidandaule kapena ndi ubwana basi?
Wowerenga, Area 25

YANKHO: Achimwene, dandaulani ndithu, osati mpaka kusowa tulo ayi, koma pa nkhani iyi mverani tepiyo kusiyana ndi akumudzi. Tikatenga makilo anu 76 nkugawa ndi kutalika kwanu kuchulukitsa kokha, 1.70 ndi 1.70, BMI yanu, muyeso wa kulemera poyerekeza ndi kutalika, ikubwera 26 ndi kanthu. Muyeso wa WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, umati kuyambira 25 munthu wapitirira, kuyambira 30 ndiye kunenepa kwenikweni kwa matenda, ndiye pa sikelo mwangodumpha mzere pang'ono, wina atha kukuuzani kuti zilibe vuto. Vuto lili pa 101 yo. Kwa abambo chiopsezo chimayamba pa masentimita 94 ndipo pa 102 chimakhala chachikulu, kwa amayi ndi 80 ndi 88. Njira yosavuta kukumbukira ndi yoti chiuno chisapose theka la kutalika kwanu, inuyo theka lake ndi 85, werengani nokha.

Mafuta a mthupi sali amtundu umodzi. Pali aja ali pansi pa khungu, omwe mumatha kuwatsina ndi zala, amakonda kukhala mmatako, mntchafu ndi mmikono, amenewo ndi ofatsa ndithu. Ndiye pali ena ali mkati mwenimweni kuseri kwa minofu ya pamimba, okuta matumbo ndi ziwalo zina, amene anaonapo mbuzi yonona ikutumbulidwa akudziwa mafuta oyera aja amayala pamatumbo, ifenso tili nawo omwewo. Mimba ikakhala yotuluka komanso yolimba mukaigwira, miyendo ili yowonda, nthawi zambiri ndi amkatiwa achuluka. Abambo ndi amene timakonda kusungira pamenepo, amayi nawo amayamba kutero akasiya kusamba.

Kuipa kwa amkatiwa ndi koti sangokhala phee. Mafuta ndi chiwalo chamoyo, ali ndi mitsempha ya magazi, amatulutsa mahomoni, imodzi ndi leptin yomwe Jeffrey Friedman ndi anzake anaitulukira mu 1994 ku Rockefeller University, ntchito yake kuuza ubongo kuti mafuta osungidwa alipo ochuluka bwanji. Tsono magazi ochokera mmafuta a pamatumbo amapita kaye ku chiwindi asanazungulire kwina kulikonse, ndiye zonse zomwe mafutawo akutaya chiwindi ndi chomwe chimayamba kulandira, nacho chimayamba kusunga mafuta, thupi limasiya kumvera bwinobwino insulin, homoni yomwe imatsitsa shuga mmagazi, kapamba amalimbikira kutulutsa yambiri mpaka kutopa, apo ndi pomwe shuga imayambira, BP nayo siichedwa kubwera pambuyo. Zonsezi zimachitika munthu asakumva kupweteka paliponse, akungoyamikiridwa kuti akudya bwino.

Za tiyi uja ndinene mosabisa, mwataya ndalama. Ambiri mwa matiyi amenewa amangotsegula mmimba kapena kukodzetsa, sikelo imatsika chifukwa mwataya madzi, mukamwa madzi makilo abwerera. Lamba naye chimodzimodzi, thukuta ndi madzi ndi mchere, mulibemo mafuta. Funso lomwe anthu safunsa ndi loti munthu akaonda mafuta aja amatulukira kuti, ena amati kuchimbudzi ena amati asanduka minofu, zonsezo ayi. Amatulukira mmapapo. Thupi likawawotcha amasanduka mpweya woipa uja timapuma ndi madzi, ndipo mu 2014 Ruben Meerman ndi Andrew Brown anawerengetsa kuti pa makilo 10 a mafuta, 8.4 amatuluka ngati mpweya, 1.6 ngati madzi. Musayambe kupuma mwaphuma pa sofa eti, mungochita chizungulire, mpweyawo umachuluka pokhapokha minofu ikugwira ntchito.

Ma sit-up pitirizani ngati mumawakonda, amalimbitsa minofu, kungoti minofuyo siitenga mafuta a pafupi nayo, imatenga omwe abwera ndi magazi kuchokera thupi lonse. Chosangalatsa ndi choti amkati aja ndi omwe amafulumira kuchepa munthu akayamba kuyenda ndi kusintha kadyedwe, nthawi zina tepi imatsika sikelo isanasunthe, ndiye muzidziyeza ndi tepi pamalo amodzimodzi, mmawa musanadye, osakoka mimba mkati.

Ntchito yanu ndikuidziwa mmene imakhalira, tsiku lonse pampando, kudikira abwana, chiwaya chili pafupi, botolo la zoziziritsa kukhosi, madzulo nsima ya ufa woyera mitanda itatu kenako kugona. Yambirani pa zakumwa chifukwa sizikhutitsa koma zimanenepetsa, botolo limodzi la mamililita 300 limakhala ndi shuga pafupifupi masipuni ang'ono 8, onjezerani wa mu tiyi wa mmawa. Mowa nawo, galamu imodzi ya alcohol weniweni amene ali mkati mwake ili ndi ma calorie 7 (muyeso wa mphamvu ya mchakudya), pafupi ndi mafuta enieni omwe ali ndi 9, pomwe ufa ndi shuga ndi 4, komanso mowa suyenda wokha umayenda ndi kanyenya. Nsima sindikuletsani, palibe amene angamvere zimenezo kuno, chepetsani mitanda, mgaiwa ndi wabwinoko, masamba ndi nyemba kapena usipa zichuluke mmbale. Kuyenda mwandawala mphindi 150 pa sabata ndi zomwe WHO imanena, ndiye kuti 30 masiku asanu, nthawi yodikira abwana ija ikukwana. Simukufunika kuonda ngati muli ku sekondale, kutsitsa makilo 4 kapena 7 pa thupi lanulo shuga ndi BP zimasintha kale. Ndipo kayezetseni ziwirizi kuchipatala mwezi uno, pa zaka 41 ndi chiuno chimenecho musadikire kuti mudwale kaye.

Chimodzi choti mudziwiretu, munthu wamkulu akaonda maselo a mafuta sachoka, amangophwa ngati matumba opanda chimanga koma matumbawo alipobe, leptin imatsika, njala imakula, ndi chifukwa chake anthu odzizunza ndi njala mwezi umodzi amadzanenepa kuposa poyamba. Sankhani kadyedwe komwe mungakhale nako chaka chamawa.

FUNSO: Ine ndi mtsikana wa zaka 23, wowonda kuyambira ndili mwana, anthu amandinena kuti kaya ndikudwala. Mnzanga akuti ndigule mapilisi onenepetsa kuti nditulutse shepu. Ndi abwino?
Wowerenga, Zomba

YANKHO: Achemwali, asiyeni. Mapilisi amenewa nthawi zambiri amakhala cyproheptadine, mankhwala a ziwengo omwe amapatsa njala ndi tulo, kapena dexamethasone, ndipo wachiwiriyu ndi woopsa zedi kumwa popanda dokotala. Mafuta ake sapita komwe mukufunako, amadzaza nkhope, kumbuyo kwa khosi ndi mmimba pomwe miyendo ikuwonda, khungu limang'ambika mizere, shuga ndi BP zimakwera, mafupa amafooka. Komwe thupi limaika mafuta ndi nkhani ya kumtundu ndi mahomoni, piritsi silisankha matako. Ngati munayamba kale kumwa dexamethasone kwa masabata angapo musasiye mwadzidzidzi, pitani kuchipatala akuchepetsereni pang'onopang'ono. Ngati BMI yanu ili pansi pa 18.5, kapena mukuonda posachedwapa popanda chifukwa, mukutsokomola, mukutuluka thukuta usiku, kayezetseni. Ngati zonse zili bwino ndipo mukufunabe kuwonjezera thupi, phala lotendera, mazira, mkaka, mapeyala, ndi ma squat kuti minofu ya mntchafu ikule.