Yankho kwa alamu pa za mlendo wosadya nyama

Alamu, mwaswera bwanji ku Moatize kumeneko? Uthenga wanu ndaumvera m'gulu muno. Mukuti abwana akutumani kusungitsa tebulo ku Maputo, ku lesitilanti yodula yophatikiza kaphikidwe ka ku France ndi ka ku Asia, ndiye mmodzi mwa alendowo ndi wa ku India, sadya nyama. Mukufunsa ngati kungomuitanitsira mbale ya masamba kungakwanire. Ayi alamu, sikukwanira. Mundimvere mpaka kumapeto ngakhale uthengawu utalika.

Musanaimbe n'komwe ku lesitilantiko, yambani mwafunsa mwiniwakeyo kapena womuthandizira kuti sadya chiyani kwenikweni. Amwenye ambiri osadya nyama sadyanso nsomba ndi mazira, koma mkaka, batala ndi yogati amadya bwinobwino. A chipembedzo cha Jain amawonjezera anyezi, adyo, mbatatesi, karoti, chilichonse chokumbidwa pansi. Palinso ena otchedwa vegan, amenewo ngakhale mkaka ndi uchi ayi. Mufunsenso za mowa, chifukwa a ku France amathira vinyo mumsuzi, a ku Japan amathira sake ndi mirin. Mayankho amenewa ndi amene mupite nawo kukhitchini.

Tsopano nkhani yeniyeni nayi. Nyama yooneka ndi maso siivuta, aliyense aiona n'kuikana. Yovuta ndi yobisika mumsuzi. Zili ngati nkhwani wotendera amene mayi wasinjiramo kapenta wa ku Cahora Bassa: m'mbale mukuona masamba okhaokha, koma nsomba ilimo. Ndiye makhitchini awiri amenewa onse amabisa, aliyense njira yake.

Mbali ya ku France, misuzi yambiri imayambira pa mafupa. Amawotcha mafupa a thole mu uvuni, n'kuwawiritsa pamoto wochepa maola 6 mpaka 8, kenako n'kuuphwetsa msuziwo mpaka ulimbe. Umenewo ndi umene amautcha demi-glace, ndipo sipuni imodzi yokha amatha kuithira pa bowa kapena pa karoti kuti ziwale. Supu ya anyezi yotchuka ija mwachizolowezi imaphikidwa ndi msuzi wa ng'ombe. Risotto ya bowa, mpunga wofewa uja wa ku Italy, nthawi zambiri amaiphikira msuzi wa nkhuku. Mbatatesi ena amakazingira mafuta a bakha. M'saladi mumagwera tizidutswa ta nyama ya nkhumba totchedwa lardons, ndipo tapenade, phala la maolivi lija lopaka pa buledi, limakhala ndi tinsomba ta anchovy. Tchizi nachonso chili ndi nkhani: Parmigiano Reggiano, Gruyère ndi Comté amaziumitsa ndi rennet yochokera m'chifu cha thole loyamwa. Alendo ena sasamala zimenezo, ena amasamala kwambiri, makamaka Mhindu amene ng'ombe amaipatsa ulemu. Chimenecho mufunse.

Mbali ya ku Asia ndiye kwadzaza za m'nyanja. Msuzi wa nsomba zovunditsidwa ndi mchere, a ku Thailand amati nam pla, a ku Vietnam nuoc mam, kwa iwo uli m'malo mwa mchere, amathira paliponse osaganizanso. Masamba okazinga amawathira oyster sauce, sosi wopangidwa kuchokera ku oyster, tinyama ta m'zigoba ta m'nyanja. Curry ya ku Thailand, yobiriwira kapena yofiira, ngakhale alembe kuti ndi ya masamba ndi mkaka wa kokonati, m'zosinja zake muli phala la kamarau, tinkhanu ta m'nyanja tija. Supu ya miso, phala la soya wovunditsa, imayambira pa msuzi wotchedwa dashi, ndipo dashi wamba amamuphika ndi nsomba youma ya bonito. Kimchi, kabichi wovunditsa wa ku Korea, nthawi zambiri ali ndi msuzi wa nsomba kapena tikamarau tamchere. XO sauce ali ndi kamarau wouma ndi nyama ya nkhumba. Tempura ya masamba, ufa wake nthawi zambiri amaswanyiramo dzira, ndipo amakazingira m'mafuta omwewo amene mwatuluka kamarau. Ma noodles achikasu ambiri ali ndi mazira, koma a mpunga alibe.

Mukuona tsopano chifukwa chake sizitheka kunena mutakhala kale patebulo. Misuzi imeneyi amaiphika m'mawa kapena dzulo lake, siichotseka m'chakudya. Mukanena usiku womwewo, shefu, mkulu wa ophika, achita chimodzi mwa ziwiri: achotsa chidutswa cha nyama n'kusiya msuzi wake, kapena atumiza masamba owiritsa opanda kanthu. Mlendo adzuka ndi njala, koma kampani yalipira mtengo wonse. Makamaka ngati abwana asankha menu de degustação, ija ya mbale zing'onozing'ono zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zobwera motsatana, imeneyo imakonzedweratu yonse. Imbani kutatsala masiku awiri, mupemphe kulankhula ndi shefu kapena mkulu woyang'anira matebulo, osati wolandira mafoni yekha. Mukamaliza, tumizani zomwezo polemba pa WhatsApp kuti pakhale umboni, ndipo m'mawa wa tsikulo mukumbutsenso.

Mawu akuti vegetariano okha musawadalire. Kwathu kuno ambiri amamva ngati munthu wosadya nyama yofiira basi, nsomba ndi nkhuku amaziona ngati zilibe vuto. Tchulani chimodzichimodzi: sem carne, sem frango, sem peixe, sem marisco, sem ovo, sem gelatina, kutanthauza popanda nyama, nkhuku, nsomba, za m'zigoba za m'nyanja, dzira ndi jelatini. Kenako mufunse mafunso atatu. Loyamba, o caldo é de legumes, kodi msuziwo ndi wa masamba? Ndipo atsimikize kuti si ka caldo ka nkhuku ka m'pepala kaja. Lachiwiri, leva molho de peixe, molho de ostra ou pasta de camarão, kodi muli msuzi wa nsomba, oyster sauce kapena phala la kamarau? Lachitatu, fritam no mesmo óleo do camarão, kodi mumakazingira m'mafuta omwewo a kamarau?

Mmene ayankhire ndi mmene mudziwire khitchini. Shefu wodziwa ntchito akuuzani yekha kuti aphika dashi wa kombu ndi shiitake. Kombu ndi ndere youma ya m'nyanja, magalamu 10 pa lita imodzi ya madzi, amaiviika kenako n'kuitenthetsa pang'onopang'ono, n'kuivuula madzi asanawire, chifukwa ikawira imawawa ndiponso imanenda. Bowa wouma wa shiitake amaviika usiku wonse m'madzi ozizira. Ziwirizo zikaphatikizana, msuzi umakoma moti nyama simuikumbuka. M'malo mwa msuzi wa nsomba athira sosi wa soya ndi ndimu, ndipo zosinja za curry asinja zatsopano. Sizachilendo ayi: ku Paris, shefu Alain Passard anachotsa nyama yofiira pa menyu ya lesitilanti yake ya L'Arpège mu 2001 n'kuika mtima pa masamba, ndipo nyenyezi zake zitatu za Michelin, ulemu wapamwamba umene malesitilanti amalandira, sizinachoke. Koma akangoti "tichotsamo nyama, palibe vuto" osafunsa kalikonse, pamenepo muchenjere.

Zoti mupemphe, ine ndingasankhe motere. Poyambira, ma roll a ku Vietnam okulunga m'pepala la mpunga, odzaza masamba ndi tofu wopangidwa ndi soya, koma sosi wake akhale wa mtedza, osati nuoc cham amene ali ndi nsomba. Kapena biringano wootcha wopaka miso pamwamba, amati nasu dengaku, bola misoyo asasungunulire dashi wa nsomba. Pa mbale yaikulu pakhale chokhutitsa: tofu wokazinga, mphodza za lentilles du Puy, kapena bowa wambiri, pamodzi ndi mpunga. Ichi ndikuchitsindika chifukwa makhitchini odula amakonda kuika karoti zitatu zokongola pakati pa mbale yaikulu n'kumati ndi chakudya. Munthu wagwira ntchito tsiku lonse, akhute. Ratatouille ndi yotetezeka, muli biringano, tomato, tsabola wosawawa, courgette, anyezi, adyo ndi mafuta a maolivi, kupatula ngati mlendoyo ndi wa Jain. Beurre blanc ndi batala, vinyo woyera ndi anyezi ang'onoang'ono, koma ena amathiramo msuzi wa nsomba, ndiye mufunse.

Pamapeto, pa zotsekemera, ndi pamene anthu ambiri amagwera chifukwa atopa kufunsa. Crème brûlée, soufflé, macaron ndi mousse ya chokoleti zonse ndi mazira. Panna cotta ndi bavarois amaziumitsa ndi jelatini, yochokera ku zikopa ndi mafupa a nkhumba kapena ng'ombe. Shefu angagwiritse ntchito agar-agar wa ndere, pafupifupi magalamu 2 pa theka la lita, koma ayenera kuwiritsa mphindi imodzi kapena ziwiri, apo ayi saumitsa. Chosavuta ndi sorbet ya mango kapena ya kokonati, mungofunsa ngati sanaikemo choyera cha dzira, kapena mpunga womata wa kokonati ndi mango.

Eya, ndisaiwale ziwiri zobwera zosaitanitsa. Mukangokhala pansi amabweretsa kachakudya kolawa kotchedwa amuse-bouche, ndipo nthawi zambiri kamakhala ka nsomba yaiwisi kapena chiwindi cha bakha. Muwauziretu kuti ka mlendoyo kakhale kosiyana. Chachiwiri ndi dengu la buledi: baguette ndi ufa, madzi, mchere ndi yisiti basi, koma brioche ali ndi mazira.

Mukafika, muonetseni woperekera zakudya mpando wa mlendoyo mwakachetechete, kuti asamafuule patebulo kufunsa kuti wosadya nyama ndi ndani. Ndipo ngati mlendoyo apezeka kuti ndi wa Jain, shefu n'kumazengereza pa za anyezi ndi adyo, uzani abwana msanga kuti musinthe malo, ku Maputo malesitilanti a Amwenye alipo. Jambulani menyuyo muitumize m'gulu muno madzulo ano, ndikulembereni mbale iliyonse chimene mufunse. Mupereke moni kwa achimwene ndi ana.