Charles II akanasudzula Mfumukazi Catherine, ufumu wa England ukanagwera yani?

Aphunzitsi ena amene amaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale anandilembera imelo yokhala ndi funso limene landigwira mtima. Mwachidule akuti: Charles II wa ku England anamwalira mu 1685 wopanda mwana wa m'banja, ufumu n'kupita kwa mng'ono wake James, Mkatolika, amene anauthawa pasanathe zaka zinayi. Nanga bwanji Charles sanangochita zimene Henry VIII anachita, kusiya mkazi amene sakumuberekera n'kukwatira wina wa Chipulotesitanti? Akanatero n'kubadwa mwana wamwamuna, kodi chipwirikiti cha 1688 sichikanapewedwa?

Zikomo aphunzitsi. Funso lanuli anthu a nthawi imeneyo analifunsanso, ndipo ena analifunsa mokweza m'Nyumba ya Malamulo, mfumuyo ili pomwepo ikumva. Ine ndikuona kuti mwana ameneyo akanatha kubadwa ndithu, koma sakanabweretsa mtendere umene mukuuganizirawo, chifukwa njira yokhayo yomubweretsera padziko inali kudutsa m'manja mwa Nyumba ya Malamulo. Pamenepo m'pamene panagona nkhani yonse.

Charles anakwatira Catherine wa ku Braganza, mwana wa mfumu ya ku Portugal, mu Meyi 1662 ku Portsmouth. Mkaziyo anabwera ndi chuma chambiri, kuphatikizapo mizinda ya Tangier ndi Bombay. Mimba ankatenga, koma ankapita padera, ndipo pambuyo pa 1669 chiyembekezo chinatha. Kumbali ya Charles kunalibe chokayikitsa, pakuti ana apathengo amene iye mwini anawavomereza anali osachepera 12, ndipo angapo anawapatsa maudindo akuluakulu. Woyamba mwa iwo, James Duke wa Monmouth, anabadwa mu 1649 kwa Lucy Walter, ukwati ndi Catherine usanaganiziridwe n'komwe.

Chitsanzo cha Henry VIII chimakopa, koma chili ndi mbuna ziwiri. Yoyamba n'njakuti Henry sananene kuti akuthetsa ukwati wovomerezeka. Iye ankati ukwati wake ndi Catherine wa ku Aragon sunali ukwati kuyambira pachiyambi, popeza mkaziyo anali atakwatiwapo ndi mkulu wake Arthur. Charles analibe pogwira potero. Mkazi wake sanakwatiwepo ndi wina, sanagwidwepo ndi mwamuna wina, ndipo kusabereka sikunali chifukwa chothetsera ukwati m'malamulo a mpingo wa England. Makhoti a mpingowo ankatha kulekanitsa anthu kuti azikhala kosiyana, koma osawalola kukwatiranso. Mbuna yachiwiri imandichititsa chidwi kwambiri. Henry anakwatira akazi 6, napeza mwana wamwamuna amene ankamufunayo, Edward, mu 1537. Edward analowa ufumu ali ndi zaka 9, n'kumwalira mu 1553 asanakwatire. Mary ndi Elizabeth, ana aakazi a Henry amene analowa ufumu pambuyo pake, nawo sanasiye mwana. Mu 1603 mpando unapita kwa zidzukulu za Margaret, mlongo wake wa Henry, ndiye banja la Stuart limene Charles anabadwiramo. Ndiye kuti Charles anali mfumu chifukwa choti maukwati onse a Henry aja sanapindule kanthu, ndipo sindikhulupirira kuti zimenezi sankazidziwa.

Mpata weniweni unatseguka mu 1670. Munthu wina waudindo, Lord Roos, amene mkazi wake anapezeka ndi mlandu wa chigololo, anapempha Nyumba ya Malamulo kuti ipange lamulo lomulola kukwatiranso mkaziyo akadali moyo. Charles anayamba kubwera yekha ku House of Lords, chigawo cha Nyumba ya Malamulo cha anthu a maudindo ndi mabishopu, kudzamvetsera mtsutsowo, ndipo aliyense anadziwa chifukwa chake. James anatsutsa lamulolo, mabishopu ambiri anatsutsanso, koma linadutsa. Anthu oyandikana ndi mfumu, monga Duke wa Buckingham, ankaikankha kuti idzere pakhomo lomwelo. Gilbert Burnet, wolemba mbiri wa nthawi imeneyo, analemba kuti Buckingham anafika poganiza zoba mfumukaziyo n'kukaitaya kutali kutsidya kwa nyanja, kuti zioneke ngati yathawa banja, ndipo Charles anakana monyansidwa.

Tiyeni tiyerekeze kuti anavomera njira ya lamulo ija. Ukwati watha mu 1670, wakwatira mwana wa mfumu ina ya Chipulotesitanti ya kumpoto kwa Ulaya mu 1671, ndipo mwana wamwamuna wabadwa mu 1672. Izi sizikanavuta kwenikweni, pakuti m'chaka chomwecho chibwenzi chake Louise de Kérouaille anamuberekeradi mwana wamwamuna, Duke wa Richmond. Pofika Febuluwale 1685 pamene Charles anamwalira, mwanayo akanakhala ndi zaka 12 kapena 13. Sakanatha kulamulira yekha. Pakanafunika womugwirizira mpando, ndipo wachibale wamwamuna wapafupi kwambiri anali bambo ake aang'ono, James yemweyo, amene kubadwa kwa mwanayu kukanamulanda ufumu. Angelezi sanaiwale zimene zinachitikira ana a Edward IV mu 1483 atasiyidwa m'manja mwa bambo awo aang'ono Richard.

Ndipo Catherine akanakhala akadali moyo, popeza anamwalira mu 1705. Kwa Papa, kwa Akatolika onse a ku Ulaya, ndi kwa Aangilikani ambiri omwe amene ankakhulupirira kuti ukwati umatha ndi imfa basi, mkazi wa Charles akanakhalabe Catherine, mkazi wachiwiriyo n'kukhala wam'mbali, mwana wake n'kukhala wapathengo ngati Monmouth. Otsatira James akanakhala ndi mfundo yamphamvu kwambiri: mwana uyu ufumu sanaulandire kwa Mulungu kudzera m'magazi, waupatsidwa ndi mavoti. Onjezanipo Scotland. Mpaka 1707 dzikolo linali ufumu pawokha, lili ndi nyumba yakeyake ya malamulo, ndipo lamulo lopangidwa ku Westminster, ku Nyumba ya Malamulo ya England, silinkagwira ntchito ku Edinburgh, likulu la Scotland. Mu 1681 nyumba ya ku Scotland inapanga lamulo lonena kuti kusiyana kwa chipembedzo sikungalepheretse woyenera ufumu kuulowa, James ali pomwepo akuimira mkulu wake. N'zotheka ndithu kuti England akanalonga mwanayo, Scotland ndi Ireland n'kulonga James. Imeneyo ndi nkhondo yapachiweniweni, ndipo anthu a m'badwo umenewo anali atatuluka mu ina posachedwa, imene inafika podula mutu wa bambo ake a Charles mu 1649.

Pali chinanso chimene chimapangitsa kuti 1670 ikhale chaka chovuta kwa maloto athuwa. M'miyezi yomweyo ya nkhani ya Roos, Charles anali kupangana mwamseri ndi Louis XIV wa ku France, Henrietta, mlongo wake wa Charles, akuyenda pakati. Pangano la ku Dover linasainidwa chaka chomwecho, ndipo m'menemo Charles analonjeza kuti adzalengeza kuti walowa Chikatolika, France n'kumamupatsa ndalama. Munthu amene mtima wake ukulowera uko sangataye mkazi wa Chikatolika kuti akondweretse Apulotesitanti. Pomwalira analandiradi masakramenti kwa wansembe John Huddleston, amene anamuthandiza pothawa itatha nkhondo ya ku Worcester mu 1651.

Mpata wachiwiri unabwera mu 1680, ndipo uwu ndimaukana msanga. Dziko linali litapenga ndi mabodza a Titus Oates onena kuti Akatolika akufuna kupha mfumu. Mu Novembala 1678 Oates anafika ponena kuti mfumukazi yeniyeniyo ikukonza zothira mwamuna wake poizoni. House of Commons, chigawo cha aphungu osankhidwa, inapempha kuti Catherine achotsedwe kunyumba yachifumu ya Whitehall, koma House of Lords inakana. Pa 15 Novembala 1680 House of Lords inakananso lamulo lochotsa James pamzere wa ufumu, mavoti 63 kwa 30, ndipo Earl wa Shaftesbury, mtsogoleri wa otsutsa James, anabwera ndi njira ina: mfumu isudzule mkazi, ikwatire Mpulotesitanti. Apa Charles anali ndi zaka 50. Mwana womaliza amene anamuvomereza anabadwa mu 1673, ngakhale zibwenzi sanasiye. Akanabereka mu 1682, akanasiya khanda la zaka zitatu pakati pa James mbali ino ndi Monmouth mbali inayo, aliyense ali ndi anthu ake okonzeka kunyamula mfuti. Paja akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Mng'ono wamoyo anali naye, mwanayo anali wongoganizira.

Komabe sindikufuna kuti kukana kwa Charles tikuwerenge ngati masamu a ndale okhaokha. Mwamunayu anamuzunza Catherine kwambiri. Atangokwatirana anamukakamiza kulandira chibwenzi chake, Barbara Palmer, kuti akhale mmodzi mwa amayi omutumikira kuchipinda, ndipo tsiku limene Catherine anazindikira kuti mayi amene wamupatsa moniyo ndi ndani, anatuluka magazi m'mphuno n'kukomoka. Mu 1663 anadwala kwambiri mpaka kumabwebweta kuti wabereka ana. Nkhani imeneyi imandipweteka nthawi zonse ndikaikumbukira, mkazi amene dziko lonse likuyang'ana mimba yake, kwawo kuli kutali, ana a akazi ena akuthamanga m'nyumba mwake. Koma pamene Oates anafuna moyo wake, Charles anaima naye osasunthika, ndipo anamufunsa Oates yekha mafunso mpaka bodza linaonekera. Ankadziwa kuti wamulakwira mokwanira kale. Ndikukhulupirira kuti chikumbumtima chinali ndi gawo lake pamenepo, pamodzi ndi mfundo yake yoti Nyumba ya Malamulo ikaloledwa kusankha mkazi wa mfumu lero, mawa idzasankha mfumu.

Chodabwitsa n'chakuti kwawo kwa Catherine zinthu zotere zinatheka. Mfumu Afonso VI, mlongo wake wa Catherine, anachotsedwa mphamvu ndi mng'ono wake Pedro, ukwati wa Afonso ndi Maria Francisca wa ku Savoy unafafanizidwa ndi mpingo mu 1668, ndipo Pedro anakwatira mkazi yemweyo chaka chomwecho. Kumeneko panali chifukwa chimene malamulo a mpingo amachilandira, choti ukwatiwo sunalowedwe m'nyumba. Catherine anabwerera ku Portugal atachoka ku England mu 1692, ndipo chakumapeto kwa moyo wake anagwirizira ufumu wa dzikolo Pedro akudwala. Mkazi amene Angelezi ena ankamuona ngati chopinga basi analamulira dziko pa nthawi ya nkhondo.

Ophunzira anu mwina angakonde mfundo iyi. Pa mwambo wathu wa Chichewa vuto lonseli silikanabuka, chifukwa ufumu umatsata bele, wolowa amachokera kwa mlongo wa mfumu, ndipo mimba ya mkazi wa mfumu siikhudza mpando. Tsono mlongo wamkulu wa Charles anali Mary, amene anakwatiwa ku Netherlands, ndipo mwana wake yekhayo anali William wa ku Orange. Ameneyo ndiye anatsika ndi asilikali ku Torbay pa 5 Novembala 1688 n'kutenga ufumu kwa atsibweni ake James, amenenso anali apongozi ake.

Tiyeni tsopano tipatse funso lanu mwayi wonse. Tinene kuti zonse zayenda bwino: mwana wa 1672 walongedwa, James wagonja, Scotland yavomera. Pamenepo inde, 1688 kulibe. William sabwera, chifukwa amene anamuitana anachita zimenezo James atasemphana ndi mabishopu 7 ndiponso atabereka mwana wamwamuna mu Juni 1688, amene akanapitiriza mzere wa Chikatolika. Koma taonani ufumu umene mwanayo akanaulandira. Atathetsa msonkhano wa Nyumba ya Malamulo wa ku Oxford mu Malichi 1681, Charles sanaitanenso nyumbayo mpaka imfa yake. Ankadalira msonkho wa malonda ndi ndalama za ku France. Otsutsa ake anathyoledwa: Shaftesbury anafera ku Amsterdam, William Russell ndi Algernon Sidney anadulidwa mitu mu 1683, mzinda wa London unalandidwa ufulu wodzisankhira atsogoleri. Chimene chinagwetsa mphamvu imeneyi ndi chipembedzo cha James, chimene chinatembenuza Aangilikani okonda ufumu kukhala adani ake. Mfumu ya Chipulotesitanti ya banja la Stuart ikanakhala ndi mphamvu zonsezo popanda chofooka chimenecho.

Ndiye kuti Bill of Rights ya 1689, imene inaletsa mfumu kuimitsa malamulo, kutolera msonkho kapena kusunga asilikali nthawi ya mtendere popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo, sikanalembedwa m'chaka chimenecho, mwinanso m'badwo umenewo. Act of Settlement ya 1701, lamulo limene linapereka ufumu kwa banja la Chipulotesitanti la ku Hanover, sikanafunika, George I sakanachoka ku Hanover mu 1714, ndipo banja limene lili pampando ku London lero likanakhala banja lina la ku Germany losadziwika kwa ambiri. England akanachedwa kulowa m'nkhondo zolimbana ndi Louis XIV, popeza William ndiye anamukokeramo, ndipo Bank of England ya 1694 inabadwa pofuna kubwereketsa boma ndalama za nkhondo imeneyo. Amene ndikuganiza kuti akanapumako ndi Akatolika a ku Ireland, amene atagonja pomenyera James ku Boyne mu 1690 ndi ku Aughrim mu 1691 analandidwanso malo, n'kuikidwa pansi pa malamulo owapondereza amene ena anakhalapo mpaka 1829.